Tikuweruza mbale kapena nkhope ya wophika?

Pa boma la Mchinji pamadutsa anthu a mitundu yambiri kuposa momwe kukula kwa tauniyi kungakuganizitseni. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umakathera pa chipata cha Mwami, ndipo chitsegulireni ofesi imodzi yogwirira ntchito mayiko awiri, Malawi ndi Zambia, pachipatapo mu Disembala 2022, mathiraki sakata phazi. Madalaivala a ku Zambia, a ku Tanzania, a ku Mozambique, amalonda opita ku Chipata ndi obwerako, onsewa amafuna kudya. N'chifukwa chake zikwangwani za malo odyera, kuyambira pa Kamwendo mpaka kumalire, zayamba kulembedwa zakudya zomwe agogo athu sankaphika: pilau, chapati, chikanda cha ku Zambia, tchipisi cha mazira.

Pamodzi ndi zakudyazi pabadwanso oweruza. Munthu sanalaweko n'komwe, wayamba kale kusuzumira kukhitchini. "Amayi, wophika chapatichi ndi wa kuti?" Akamva kuti ndi mtsikana wa kwa Mkanda, nkhope imagwa. Akamva kuti ndi wa ku Burundi kapena ku Congo, amakhala pansi mtima uli m'malo, n'kuyamba kuyamikira asanatafune. Ine ndikuti kaweruzidwe aka n'kolakwika, ndipo kulakwika kwake sikuthera pa tebulo. Kamapweteka anthu, ophika a kuno ndi ophika obwera omwe.

Muyeso wathu timautenga kuti? Ambiri mwa ife amene timagamula kuti pilau wa pa boma si weniweni sitidapondeko ku Zanzibar. Chomwe tili nacho ndi mbale imodzi yomwe tidadya ku Kyela kapena ku Mbeya pa ulendo wokaoda katundu, titagona m'basi usiku wonse, njala itafika posauzana. Mbale imeneyo idatikomera, ndipo idayeneradi kukoma. Koma kuchokera tsiku limenelo idasanduka lamulo. Pilau aliyense wosafanana nayo ndi wabodza, ngakhale ataphika ndi mayi wobadwira ku Tanga amene amathira zokometsera monga ankathirira amayi ake. Dziko la anthu oposa 60 miliyoni, la m'mphepete mwa nyanja ya mchere ndi la kumapiri, la Asilamu ndi Akhristu, taliunjika lonse m'mbale imodzi ya pa depoti.

Kuti tione kuchepa kwa muyesowu, tiutembenuzire kwa ife eni. Nsima yeniyeni ya ku Malawi ndi iti? Mayi wa kwa Mlonyeni adzakuuzani kuti ndi ya ufa woyera, ndipo adzakuyalirani njira yonse: kukonola chimanga, kupeta gaga, kuviika mphale mpaka madzi atayamba kafungo kowawasa, kuitsuka, kuiyanika, kupita nayo kuchigayo, kenako kuyanikanso ufawo pamphasa uku mwana akuingitsa nkhuku ndi kamtengo. Nsima ya ufa wotere imafewa bwino m'manja, ndipo munthu wokulira nayo amaizindikira ndi mphuno akadali pakhomo. Koma wa ku Nkhata Bay adzati nsima ndi kondowole. Wa ku Nsanje adakulira ya mapira ndi mchewere. Achipatala amatilimbikitsa mgaiwa poti suchotsedwa gaga. Mukangowoloka malire, abale athu a ku Chipata, Achewa ndi Angoni omwe timakumana nawo ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti ndiponso ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, ambiri a m'tauni amaphika ufa wa m'matumba wogula m'sitolo, uja amautcha breakfast kapena roller. Dalaivala wa ku Ndola atadya mgaiwa kamodzi pa Namitete, n'kukalengeza kwawo kuti nsima ya Amalawi ndi yokhayo ndipo ina iliyonse ndi yachinyengo, tingati munthuyo sakudziwa chomwe akunena. Komatu n'zomwe ife timachitira zakudya za anzathu tsiku ndi tsiku.

Ena amati chenicheni n'chomwe makolo ankadya. Apanso mbiri sikutivomereza. Chimanga kwawo ndi ku Mexico. Chidafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi chaka cha 1500 chitadutsa, ndipo padapita nthawi yaitali chisanalande malo a mapira ndi mawere m'minda ya kuno. Mtedza womwe Mchinji imatchuka nawo udachokera ku South America. Chinangwa cha kondowole, matimati, tsabola, mbatata, ngakhale maungu omwe amatipatsa nkhwani, zonsezi zidachita kuwoloka nyanja. Tengani nsima ya ufa woyera ndi nkhwani wotendera, chakudya chomwe aliyense wa ife angalumbire kuti n'chachikuda chenicheni: pafupifupi chilichonse cha m'mbalemo mbewu yake ndi ya ku America. Zimenezi sizichepetsa umwini wathu ngakhale pang'ono. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kumeta adameta ndi agogo athu. Ndiwo adapeza kuti ukawotcha zitsononkho, n'kuika phulusa m'kachitini kobowola pansi, n'kuthira madzi kuti azidontha pang'onopang'ono, umapeza chidulo chofewetsa masamba. Ndiwo adadziwa nthawi yothira nsinjiro, ndi kuti ukathira usafulumire kuvundula. Chakudya chimakhala cha anthu chifukwa cha zomwe manja awo achita nacho kwa mibadwo. Ngati izi n'zoona pa nkhwani, n'zoonanso pa chapati cha mtsikana wa kwa Mkanda.

Samusa ndi mboni ina yomwe tili nayo pafupi. Amwenye adali ndi masitolo m'maboma ndi m'timatauni ta dziko lino kufikira m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr Kamuzu Banda lidawalamula kuchoka m'madera akumidzi kuti azikachitira malonda m'mizinda ikuluikulu. Eni masitolo adapita, koma samusa ndi achali wa mango zidatsala m'manja mwa Amalawi omwe ankagwira ntchito m'makhitchini mwawo, ndipo iwo adaphunzitsa ana awo. Mayi amene lero amadzuka m'bandakucha kupinda masamusa oti akagulitse pa depoti amathira anyezi wambiri poti nyama yadula, ndipo tsabola wake ndi kambuzi. Munthu wa ku Gujarat angaone kusiyana, n'zoona. Koma manja omwe akhala akupinda chinthu chimodzi kwa zaka 50 sangatchedwe onyenga. Ku India komweko samusa adachita kufikako kuchokera kumayiko a ku Persia ndi Central Asia, ndipo tsabola adapita naye ndi Apwitikizi omwe aja adatibweretsera chimanga.

Kumayiko a azungu mkanganowu udayamba kale. Ku Britain, malo odyera ambiri omwe amatchedwa a Amwenye eni ake ndi ochokera ku Bangladesh, makamaka chigawo cha Sylhet, ndipo chakudya chotchuka kwambiri m'malo amenewa, chicken tikka masala, chidakhwimira ku Britain komweko. Mu 2001 Robin Cook, yemwe adali nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, adachitcha chakudya cha fuko la Britain. Ku America, m'malo odyera a Matchaina amapereka timabisiketi tokhala ndi kapepala kolosera mwayi mkati, chinthu chomwe si mwambo wa ku China. Anthu obwera amaphika zomwe apeza pamsika, kuphikira anthu omwe awapeza, kuti ana awo adye ndi kupita kusukulu. Palibe bodza pamenepa. Ndi momwe munthu amakhalira moyo kudziko la eni.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene wofufuza wina wa ku New York, Sara Kay, adapeza atawerenga ndemanga 20,000 zomwe anthu odya adalemba pa Yelp, tsamba la pa intaneti lolembapo ndemanga za malo odyera ndi mabizinesi ena, ndipo adazifalitsa mu 2019. Pokamba za malo odyera a ku Mexico kapena a Matchaina, olembawo akamati "n'zenizeni" nthawi zambiri ankatchula umve, mipando ya pulasitiki ndi kutchipa. Pokamba za malo a Chifalansa kapena a ku Italy, mawu omwewo ankayendera limodzi ndi ukhondo ndi ulemu wa malowo. Kunena kwina, anthu a mitundu ina amaloledwa kukhala enieni pokhapokha akuoneka osauka.

Musaganize kuti matenda amenewa ndi a ku New York kokha. Kuno timati chakudya chachikuda chenicheni chili pachiimilire, pomwe pali utsi, ntchentche ndi beseni limodzi losambamo m'manja anthu khumi. Mayi wophika pachiimilirepo akatenga ngongole ku banki m'khonde, n'kumanga kachipinda ka simenti, kuika matebulo, ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo, n'kukwezako mtengo pang'ono kuti abweze ngongoleyo, timayamba kunong'onezana kuti zasintha, si zija. Ndiwo ndi zomwezo, mthiko ndi womwewo, dzanja ndi lomwelo. Chomwe chachoka ndi umphawi womwe tinkauona, ndipo zikuoneka kuti umphawiwo ndi umene tinkautcha kukoma. Wogula yemweyo akafika ku Lilongwe amalipira pizza ndalama zambirimbiri osanenerera, koma pa mbale ya nsima ndi nkhuku yomwe mayi waimirira pamoto kuyambira m'mawa, amafuna achotsereko. Dziko lino lidataya anthu oposa 1,700 ndi kolera mu 2022 ndi 2023. Beseni la anthu khumi lija si chikhalidwe choti wina azichiikira kumbuyo.

Kuweruza ndi maso kuli ndi vuto linanso: kumapindulitsa wochenjera. Mwini malo akazindikira kuti makasitomala akufuna maonekedwe, amawapatsa maonekedwe. Apachika mbendera ya Tanzania, aika nyimbo za Bongo Flava, alemba ntchito mnyamata wodziwa kupereka moni m'Chiswahili, ndipo m'mbale muli mpunga wamba wothira ufa wa curry kuti uoneke wachikasu. Pilau saphika choncho. Amayamba ndi kukazinga anyezi mpaka atada ndithu, kutsala pang'ono kupserera, chifukwa mtundu wodera wa pilau umachokera pamenepo. Kenako adyo ndi jinja, zokometsera monga cloves, sinamoni ndi cardamom, nyama, ndipo mpunga umapsera mumsuzi wa nyamayo, osati paokha. Ukapsa, njere iliyonse imaima payokha ndipo fungo limakhala mkati mwa njere. Munthu wodziwa izi sangapusitsidwe ndi mbendera. Munthu wongoyang'ana nkhope amadya mpunga wachikasu uja n'kutuluka akutama, pomwe mayi wa tsidya lina la msewu amene adaphunzira bwino kuphika pilau akubwerera kunyumba ndi poto wodzaza.

Mbali yomwe imandiwawa mtima koposa ndi ya anzathu othawa nkhondo. Msasa wa Dzaleka ku Dowa udatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale padali ndende ya andale, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, pamalo pomwe padakonzedwera anthu osapitirira 12,000. Ena mwa iwo adatuluka kukayamba timabizinesi m'matauni, ndipo ambirife tidadziwira kwa iwo chapati chofewa chija, komanso sombe, yemwe ndi m'bale wake wa chigwada chathu. Mu Meyi 2023 apolisi adayamba kuwasonkhanitsa m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo m'misika mawu adali akuti anthuwa atilanda malonda. Lamulo loti othawa kwawo azikhala mumsasa ndi nkhani yaikulu yofunika tsiku lake. Pano ndikungofuna tione kuti nthawi zambiri pakamwa pomwe pamati chapati chenicheni n'cha Mburundi yekha, ndi pomwenso pamati Mburundi abwerere kumsasa. Timafuna nkhope yake itsimikizire mbale yathu, koma kuti akhale woyandikana naye nyumba, ayi. Ndipo mtsikana uja adagwira naye ntchito, n'kuphunzira kukanda ufa ndi madzi ofunda, kuusiya upume, kuupaka mafuta, kuukulunga ngati nkhata n'kuutambasulanso kuti chapati chituluke cha magawomagawo, nayenso timamukana chifukwa mfunda wake ndi wa Chichewa. Mphunzitsi tamuthamangitsa, wophunzira tamunyoza.

Tsono wina angati, ndiye kuti wogula azingolandira chilichonse osafunsa? Iyayi. Pali funso lomwe wogula ali ndi ufulu wonse kufunsa, ndipo modabwitsa ndi lomwe sitifunsa kawirikawiri: kodi chomwe chalembedwa pachikwangwani ndi chomwe chili m'mbale?

Nkhuku ya lokolo imadula chifukwa imatenga miyezi kuti ikule, pomwe ya haibulidi imakhala itakwana kupha m'masabata 6. Nyama ya lokolo imalimba, imaderako, fupa lake silitafunika wamba, ndipo imafuna kuwira nthawi yaitali. Pali malo ena omwe amagula nkhuku zoikira mazira zomwe zatopa, poti nazonso nyama yake ndi yolimba, n'kumagulitsa pa mtengo wa lokolo. Kumeneko ndiye kunyenga. Chambo nacho chimodzimodzi. Mchinji ili kutali ndi nyanja, ndipo chambo chidachepa kwambiri poyerekeza ndi m'zaka za m'ma 1980, moti ku nyanja ya Malombe chidatsala pang'ono kutheratu. Komabe n'kovuta kupeza chikwangwani chopanda chambo. Nthawi zina nsomba yomwe yakazingidwa pansi pa dzinali ndi makumba kapena chilunguni cha m'madamu. Makumba ndi nsomba yabwino, ndipo alimi a m'madamu ndi ofunika kuwalimbikitsa, koma itchulidwe dzina lake ndipo igulidwe pa mtengo wake. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umadziwika ndi fungo lomwe limadzaza nyumba ukamawira. Kuusakaniza ndi wotchipa n'kusunga dzinalo ndi kuba, kubera wogula komanso mlimi wa ku Karonga. Zoterezi n'zomwe bungwe la Competition and Fair Trading Commission, loteteza ogula pa malonda, lidakhazikitsidwira kumva, ndipo makhonsolo omwe amapereka ziphaso za malo odyera akadamaziyang'ananso. Zonsezi zimadziwika ndi lilime, mphuno ndi dzino. Palibe chofuna kudziwa komwe wophika adabadwira.

Palinso munthu mmodzi amene ndimamumvera akamati "si chenicheni", ndiye wosowa kwawo. Dalaivala wa ku Kasama amene wagona pachipata kudikira mapepala a katundu, akalawa chikanda n'kupukusa mutu, sakudzionetsera. Akuyerekeza ndi cha amayi ake. Mmalawi wa ku Johannesburg amene amadandaula kuti pap, nsima ya kumeneko, si nsima akunena zomwe zili mumtima mwake, ndipo palibe angamutsutse. Koma mvetserani momwe anthu otere amalankhulira ndi wophika. Safunsa mtundu. Amati, "Amayi, soda wachulukamo," kapena "Mtedza mwachepetsa, chikadagwirana bwino." Mayiyo amayankha kuti, "Zikomo bambo, mukamabwerera mudzalawenso." Dalaivalayo akadzadutsanso amapeza soda wachepa. Iye ali ndi chomwe akudziwa, ndipo amachipereka kwa wophika. Oweruza a nkhope aja alibe choti angauze wophika, chifukwa munthu sangasinthe komwe adabadwira.

Chikanda chomwecho chili ndi mbali ina yovuta kuposa zonse zomwe ndatchulazi. Chimapangidwa ndi timizu tozungulira ta maluwa a m'tchire a mtundu wa orchid, tomwe kumpoto kwa dziko lino amati chinaka. Amatitsuka, kutiyanika, kutisinja. Kenako amaphika phala la nsinjiro, kuthiramo ufa wa timizuto, mchere, tsabola ndi soda, n'kuvundula mpaka mthiko utayamba kulemera. Pomaliza amaika makala pachivundikiro kuti pamwamba paume, chikazizira n'kumacheka mapisi. Kale chidali chakudya cha m'midzi ya kumpoto kwa Zambia, makamaka pakati pa Abemba. Chitatchuka m'mizinda monga Lusaka ndi Kitwe, timizuto tidayamba kusowa m'dzikomo, ndipo amalonda adayamba kukagula kumwera kwa Tanzania ndi kumapiri a kumpoto kwa Malawi, kuphatikizapo ku Nyika. Kukumba kamuzuko ndi kupha duwa lonse. Chimodzi mwa zifukwa zomwe Tanzania idakhazikitsira paki ya Kitulo mu 2005 chidali kuteteza maluwa amenewa.

Tsono tiyerekeze kuti wophika wa pa Mchinji waganiza zochepetsa timizuto n'kuwonjezera ufa wina wogwiranitsa, ndipo walemba poyera pachikwangwani kuti chikanda chake n'chosakaniza. Mwa kaweruzidwe kathu ka lero, ameneyu ndi wachinyengo, ndipo makasitomala adzamuthawa kupita kwa mnzake wogulitsa chosasakaniza. Ine ndikuti ameneyu wanena zoona ndipo wachita bwino, ndipo ndingagule kwa iye. Akatswiri a ku Copperbelt University ndi a ku Kew Gardens ku London adayesapo njira zomeretsera maluwawa kuti azilimidwa, koma chikanda cha pamsika chikudalirabe za m'tchire. Pisi iliyonse ya chikanda chosasakaniza yomwe ikugulitsidwa pamalire ikuchokera m'dambo kapena paphiri pomwe duwa lazulidwa, ndipo wophika wofuna kuchepetsa timizuto sangayerekeze kutero ngati akudziwa kuti mawa lake mabenchi adzakhala opanda anthu.